Makadi ojambulidwa ndi anthu awiri osadziwana

Zikomo alembi potiuza za makadi omwe wina amajambula theka n'kutumiza pa positi kwa munthu wosamudziwa kuti amalize. Ndazikonda kwambiri. Katswiri wa zojambulajambula Ray Johnson wa ku New York ankachita zotere m'ma 1960, ankatumiza chojambula n'kulembapo kuti wolandira awonjezerepo kenako apatsire wina.

Koma poti mwati aliyense atha kuyamba mawa, pamenepo ndikutsutsani pang'ono. Kuno ku Lilongwe kalata sifika pakhomo, imathera m'bokosi ku positi ofesi. Ambiri ku Kawale, Mtandire ndi Area 25 amalandirira pa bokosi la tchalitchi, la sukulu kapena la kuntchito. Ndiye ofuna kuyamba agwirizane kaye bokosi limodzi, ndi woti azikatenga makadiwo.

Zipangizo ndiye sizovuta: katoni ya sopo, guluu, ndi zidutswa za chitenje zotsala kwa telala. Mumata chitenjecho kumanzere, kumanja n'kusiya poyera. Mikanda ndi njere ayi, zimathothoka m'thumba la makalata. Ine ndingakonde kuti poyerapo adzaze munthu wa ku Karonga kapena Nsanje, za kunja tiziona pambuyo poti sitampa yake ndi yodula.