Pemphero pa Marko 9:14-29: Thandizani kusakhulupirira kwathu

Musanayambe, werengani mokweza Marko 9:14-29, kenako Mateyu 17:14-20 ndi Luka 9:37-43, chifukwa aliyense wa atatuwa anasunga kanthu kamene mnzake anakasiya. Ngati mulipo angapo, mmodzi atsogolere, ena azivomera pamene palembedwa kuti Tonse.

Ambuye Yesu, tabwera kwa Inu ndi ndime imene imativuta. Munali kuphiri ndi Petro, Yakobo ndi Yohane. Kunsi kunatsala ophunzira asanu ndi anayi, khamu la anthu, alembi okonda mtsutso, ndi bambo wina amene anabwera ndi mwana wake mmodzi yekhayo. Ophunzira anayesa kutulutsa mzimu, unawakanika. Chikhalirecho ndi omwewo amene pa Marko 6 munawatuma awiriawiri ndi mphamvu pa mizimu yonyansa, natulutsa ziwanda zambiri. Atakufunsani m'nyumba chimene chinalakwika, Marko akuti munanena za kupemphera, Mateyu akuti munanena za kuchepa kwa chikhulupiriro. Tionetseni kuti mayankho awiriwa sakukangana. Iwo anayamba kudalira zimene zinatheka dzulo, ngati kuti mphamvuyo ili m'thumba mwawo, naleka kupempha. Tikhululukireni ife otumikira m'mipingo ndi m'milaga, pamene takweza mawu m'malo mogwada, pamene tadalira botolo la mafuta kapena dzina la mlaliki koposa Inu.

Tonse: Tikhulupirira, thandizani kusakhulupirira kwathu.

Munadzudzula mbadwo wosakhulupirira, ndipo mawu amenewo amatilasa. Koma tikawerenga bwino, palibe pamene munaloza mwanayo chala. Simunamufunse kuti anachimwa chiyani, kapena kuti agogo ake anapita kwa sing'anga uti. Munangoti, "Mubwere naye kwa Ine." Tsekani pakamwa pathu, Ambuye, tisamauze mayi wa mwana wodwala kuti vuto ndi chikhulupiriro chake. Mayi ameneyo wachezera usiku wambiri, wagulitsa ndi mbuzi zomwe, ife n'kumusenzetsanso mlandu umene Inu simunamupatse.

Bamboyo anabwera atatopa kale. Anati, ngati mungathe kuchita kanthu, tichitireni chifundo. Inu munamubwezera "ngati" wakeyo, n'kumuuza kuti zinthu zonse zitheka kwa wokhulupirira. Vesi 23 imeneyi taigwiritsa ntchito ngati chikoti, Ambuye, pokwapula amene sanachire. Tiiwalitseni chikoticho, tione vesi 24. Munthu uja sananamizire kulimba mtima. Anafuula kuti akukhulupirira, pomwepo n'kuvomera kuti akukayika, ndipo simunamuuze kuti apite akaonjezere kaye. Munachiritsa mwana wake ali ndi chikhulupiriro chomwecho chong'ambikang'ambika. Landirani chathuchi mmene chilili.

Tonse: Tikhulupirira, thandizani kusakhulupirira kwathu.

Tsono tipatseni nzeru pa mbali imene imatisokoneza koposa. Marko akunena za mzimu wosalankhula ndi wogontha. Zizindikiro zake akuzitchula bwinobwino: mwana amagwa, amachita thovu, amakukuta mano, amauma thupi, amagwera pamoto ndi m'madzi. Mateyu 17:15 akuti amadwala khunyu. Sitikukana kuti mizimu yoipa ilipo, pakuti Inu mwini munaudzudzula mzimuwo, n'kuulamula kuti usalowenso. Koma Mateyu yemweyo, pa 4:24, akutchula ogwidwa ndi mizimu paokha, akhunyu paokha, ofa ziwalo paokha. Tisalumphe pamenepo. Tisamati aliyense wakugwa ali ndi chiwanda, pamene khunyu limatha kuyamba chifukwa cha malungo a muubongo, matenda oumitsa khosi, kuvulala m'mutu pangozi, kubanika pobadwa, kapena mphutsi za nyongolotsi ya nkhumba zitafika muubongo. Inu munayamba ndi funso, kuti zimenezi zinayamba liti. Tiphunzitseni kufunsa ndi kumvetsera tisanathamangire kudzudzula.

Munthu akagwa pakati pathu, kaya m'tchalitchi, mu minibasi ya ku Bangwe kapena mumsika wa Ndirande, chotsani mantha m'miyendo yathu. Tisathawe poopa thovu kapena mpweya wake, pakuti khunyu silipatsirana. Tikumbutseni kuchotsa mbaula, poto wa madzi otentha ndi chilichonse chomupweteka, kumuika chitenje chopinda kumutu, ndi kumasula zomuthina m'khosi. Manja athu asamupanikize pansi. Asamuike supuni kapena chala m'kamwa, chifukwa lilime silimezeka, koma mano amathyoka ndipo chala chimalumidwa. Tisamumwetse madzi, ngakhale odalitsidwa, asanatsitsimuke, pakuti angatsamwe. Kuphiriphithako kukatha timugoneke cham'mbali kuti malovu atuluke, tikhale naye mpaka azindikire pamene ali. Wina ayang'ane nthawi pafoni. Zikapitirira mphindi 5, kapena zikabwereza asanadzuke, kapena ngati ndi koyamba, ngati ndi mayi woyembekezera, ngati wapsa kapena wagwera m'madzi, tipatseni changu chomutengera kuchipatala, pemphero lathu lizipitirira m'galimoto momwemo.

Dalitsani anamwino ndi madokotala a ku Queen Elizabeth, ndi a m'zipatala zazing'ono za ku Zingwangwa, Chilomoni, Limbe ndi Ndirande. Mankhwala monga phenobarbital, carbamazepine ndi sodium valproate asasowe m'mashelefu awo. Limbitsani amene amamwa tsiku ndi tsiku kuti asatope. Tetezani iwo kwa aliyense wowauza kuti ataye mapiritsi poonetsa chikhulupiriro, chifukwa kusiya mwadzidzidzi kumatha kubweretsa kugwa koopsa kuposa koyamba kuja. Ngati wina wachira, akatsimikize ndi adokotala, monga munatumira wakhate uja kuti akadzionetse kwa wansembe.

Tonse: Tikhulupirira, thandizani kusakhulupirira kwathu.

Pa za kusala kudya, tiongoleni. Mabaibulo ena pa Marko 9:29 amangoti kupemphera, ena amaonjeza kusala kudya, chifukwa mipukutu ina yakale kwambiri ya Chigiriki ilibe mawu achiwiriwo. Tisakangane pa zimenezi ngati alembi aja, mwana ali gone pansi. Amene ali ndi mphamvu asale, akwere phiri la Soche kapena la Michiru akapemphere. Koma tisakakamize wodwalayo kusala kapena kuchezera usiku wonse, pakuti kusagona ndi kudumphitsa mankhwala ndi zimene zimadzutsa khunyu. M'nkhaniyi simunauze mwanayo kuti asale. Mawuwo munauza ophunzira.

Tikupempherera amene apemphera zaka zambiri koma mwana akugwabe. Sitidziwa chifukwa chimene wina mumamuchiza lero, wina n'kudikira. Musalole kuti aganize kuti munawataya. Tikupempherera mwana amene anasiya sukulu chifukwa anzake amamuthawa, mtsikana wa zipsera za moto m'manja, ndi bambo amene anachotsedwa ntchito atagwa kamodzi. Ndipo pamene pali mzimu woipa weniweni wozunza munthu, Inu amene mumauona ife osauona, ulamuleni utuluke, usabwererenso.

Mzimu utatuluka, mwana uja anagona ngati wakufa, ambiri n'kumati wamwalira. Inu munamugwira dzanja, munamudzutsa, ndipo Luka akuti munamubwezera kwa bambo ake. Gwirani dzanja la amene tikumutchula tsopano. (Apa aliyense atchule dzina, chamumtima kapena mokweza.) Mubwezereni kwa abale ake, kusukulu, kuntchito ndi pampando wake m'tchalitchi.

Tonse: Tikhulupirira, thandizani kusakhulupirira kwathu. M'dzina lanu Ambuye Yesu Khristu, Amen.