Chenjezo kwa okumba mchenga ndi oswa kwale kuno ku Mulanje

Ana anga, mvula ili pafupi, ndiye ndilankhule lero. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Maenje ambiri amene mukukumbamo lerowa sanayambe ndi inu. Anawatsegula ndi omanga misewu. Ankabwera ndi makatapila, n'kupala dothi lamiyala lothira mumsewu, ntchito ikatha ulendo, dzenje n'kulisiya kukamwa yasa. La kwathu linayamba choncho. Poyamba tinkangotengamo miyala ya maziko a tchalitchi ndi sukulu, amfumu akudziwa, ndipo wotenga ankasalaza pomwe wakumba. Kenako kunabwera nyumba zamalata, malo a malonda monga Chitakale, Nkando ndi Limbuli n'kumakula. Boma litaletsa njerwa zootcha pa zomanga zikuluzikulu mu 2018, mabuloko a simenti anachuluka, mchenga n'kusanduka ndalama. Apa m'pamene munasiya kumtunda n'kutsikira m'mitsinje ndi mafosholo, matipa akudikira pagombe.

Sindikunyoza ganyu. Ndikudziwa kuti fetereza wakwera, ndipo mayi wokhala padzuwa tsiku lonse akuswa kwale ndi hamala, mwana kumsana, sachitira kufuna. Chimene ndikudana nacho ndi kakumbidwe kanu.

Mukufukula kunsi kwa gombe, pamwamba n'kusiya denga ladothi likulendewera, mizu ya nsenjere ili lendelende. Mnyamata amalowa mwenimwenimo chokwawa kuti apeze mchenga woyera, anzake akumuchemerera. Kodi mukudziwa kulemera kwa chimene chili pamutu pakecho? Mchenga wonyowa wa mita imodzi mulitali, mulifupi ndi kuya umafika pafupifupi matani awiri, ngati matumba 40 a chimanga. Ukagumuka suchenjeza. Munthu akakwiririka chifuwa sapuma, ndipo mphindi zochepa zimakwana. Anzake pofika ndi makasu amakhala akufukula maliro.

Nanga kumilatho? Mumakumba pafupi ndi mlatho chifukwa tipa imafika mosavuta. Mtsinje ukauchotsera mchenga, madzi amathamanga n'kuyamba kudya pansi ndi m'mbali kuti abweze chomwe mwatenga. Amafukula mizati ya mlatho, amameza dimba la mnzanu, ndipo zitsime za m'mbali zimaphwa msanga chifukwa madzi apansi atsika. Madzi saiwala khwawa. Mitsinje ya Thuchila, Likhubula, Lichenya ndi Ruo imatsika m'phiri ndi mphamvu imene tonse tinaiona. Akuluakulu tikukumbukira napolo wa ku Phalombe mu 1991. Achinyamata munaona namondwe wotchedwa Ana mu January 2022, munaonanso Freddy mu March 2023, amene anapha anthu mazanamazana kuno kumwera, n'kukokolola milatho, midzi ina ku Mulanje ndi Phalombe n'kukhala yosafikika. Ndiye pambuyo pa zonsezi munthu n'kumazulanso bango ndi mitengo ya m'gombe kuti wilibala idutse? Zimandiwawa kwambiri.

Maenje osiyidwa aja akadzadza madzi, ana amawayesa dziwe losambira. M'mphepete mwake ndi moterera, pakati ndi pozama, pansi pali matope ogwira miyendo. Ng'ombe ndi mbuzi zimagweramo. Udzudzu umaswerana momwemo, kenako tikudabwa kuti malungo sakutha pamudzi.

Inu mafumu ndi anyakwawa, ndikulankhula mwaulemu wonse. Ndalama ya pa tipa imene ena mwa inu mumalandira siingagule dimba limene lapita ndi madzi. Mchenga ndi miyala zili pansi pa malamulo a migodi ndi a zachilengedwe, ndipo wochita malonda amenewa amayenera kukhala ndi chilolezo. Mufunseni mwini tipa akuonetseni pepala lake. Ngati alibe, kanenani kukhonsolo. Womanga msewu akabwera kudzapempha malo okumba, gwirizanani naye polemba, pamaso pa anthu, kuti adzakwirira asanachoke.

Okumba inu, yambirani pamwamba kutsika, khoma lizikhala lopendekeka. Mvula ikagwa usiku musalowe m'dzenje m'mawa mwake. Talikirani mlatho. Ana musawatenge kukasenza mchenga nthawi ya sukulu, ndipo makolo dziwani komwe ana anu akusambira. Mwezi wa November usanafike, mudzi uliwonse utuluke ndi makasu, tikwirire maenje amene tingathe, otikanika tiwatchinge ndi minga, m'magombe tibzalemo vetiva ndi nsungwi.