Chitupa cha ntchito chimafunsa dzina la ntchito ndi pepala, ife tikuthamangira kulipira ndalama

Mwezi wathawu mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa zaka 29 amene amawotcherera zitsulo pafupi ndi msika wa Kapata muno mu Chipata, anafika kunyumba kwanga madzulo nkhope ili ngwee, nandiuza kuti, "Amalume, mwayi wapezeka, ndikupita ku England." Anandionetsa kalata imene inabwera pa WhatsApp, yokhala ndi mbendera ya Britain pamwamba ndi chidindo chofiira pansi, yonena kuti kampani ina ikufuna anthu osamalira okalamba ndipo malo ake asungidwa akatumiza K25,000 lisanafike Lachisanu. Nthawi imeneyo n'kuti mayi ake kumudzi ku Chadiza atayamba kale kufunsa mtengo wa ng'ombe zawo ziwiri zapagoli, zomwe amalimira komanso kukokera ngolo. Ndinamufunsa kuti ntchito yolembedwa m'kalatayo ili ndi nambala yanji pa mndandanda wa boma la Britain, ndipo anandiyang'ana modabwa, chifukwa sankadziwa n'komwe kuti ntchito zimakhala ndi manambala.

Kalatayo inali kugulitsa khomo lotsekedwa kale. Britain inatsegula njira ya osamalira okalamba mu Febuluwale 2022, ndipo anthu ambiri a m'mayiko athu ano anapitadi kudzera m'njira imeneyo. Mu Malichi 2024 boma la kumeneko linaletsa ogwira ntchitoyi kutenga akazi, amuna kapena ana awo, kenako pa 22 Julayi 2025 linasiyiratu kulandira ofunsira atsopano ochokera kunja pa ntchito imeneyi. Aliyense amene lero akukulonjezani chitupa cha ntchito yosamalira okalamba ku Britain inu muli ku Katete kapena ku Lundazi akukunamizani, ngakhale kalata yake itakhala ndi zidindo khumi.

Ndalemba zimenezi chifukwa ndikuona kuti kuno kum'mawa timaimva molakwika nkhani ya zitupa zokagwirira ntchito kunja. Timaiona ngati nkhani ya mwayi, ya kudziwana ndi munthu, kapena ya kukhala ndi ndalama zolipira amene akuti adziwa njira, pamene maboma a mayiko amenewa amayamba ndi mafunso ena kotheratu: ntchito yako dzina lake n'chiyani, kodi ili pa mndandanda wa ntchito zimene tikuzifuna, ndipo ndani angakuchitire umboni kuti umaidziwadi? Munthu amene alibe mayankho a mafunso amenewa, ndalama zake sizingamutsegulire kalikonse.

Ku Britain chitupa chachikulu cha ntchito chimatchedwa Skilled Worker visa. Munthu sangachifunsire payekha alibe womulemba ntchito. Pamafunika kampani ya kumeneko imene ili ndi chilolezo cha Home Office, unduna wawo woona za olowa m'dziko, chobweretsa antchito ochokera kunja, ndipo mayina a makampani onse oterowo ali poyera pa webusaiti ya boma lawo, moti aliyense wokhala ndi foni ndi bandulo angathe kufufuza. Kampaniyo ndi imene imapereka chikalata chotchedwa Certificate of Sponsorship, chomwe chimatchula nambala ya ntchito ya manambala anayi komanso malipiro, ndipo malamulo awo salola kuti wolemba ntchito alipiritse wantchito mtengo wa chikalatachi. Malipiro ochepetsetsa ovomerezeka pa ntchito zambiri anakwera kufika pa mapaundi 38,700 pachaka mu Epulo 2024, ndipo kuyambira pa 22 Julayi 2025 anafika pa mapaundi 41,700, pamodzi ndi lamulo lakuti ntchitoyo izikhala ya mlingo wa digiri. Apa pali mfundo imene ambiri saimvetsa: chimene chimayezedwa ndi mlingo wa ntchitoyo, osati satifiketi imene ili m'chikwama chako. Ukhoza kukhala ndi digiri ya ku yunivesite ya UNZA, koma ngati akukuitanira kukanyamula makatoni m'nyumba yosungiramo katundu, digiriyo sisandutsa ntchito imeneyo kukhala yovomerezeka. Ntchito zina zamanja zinatsalako pa mindandanda yongoyembekezera, koma olowera pamenepo saloledwa kutenga banja, ndipo mindandandayo imasintha.

Australia imachita mosiyana, ndipo njira yake ndi imene inandichititsa kuganiza kwambiri za mphwangayu. Kumeneko munthu akhoza kufunsira chitupa alibe womulemba ntchito, koma ntchito yake iyenera kukhala pa mndandanda wawo, iye akhale wosakwana zaka 45, ndipo apeze mapointi osachepera 65, omwe amawerengedwa kuchokera ku zaka zakubadwa, Chingelezi, maphunziro ndi zaka zimene wagwira ntchitoyo. Wa zaka zapakati pa 25 ndi 32 amapeza mapointi 30, digiri imapatsa 15, dipuloma kapena satifiketi yovomerezeka ya ntchito yamanja imapatsa 10. Koma zonsezi zisanawerengedwe, bungwe loona za ntchitoyo limayamba lamuyeza munthuyo: mainjiniya amayezedwa ndi Engineers Australia, ndipo amisiri ambiri amayezedwa ndi Trades Recognition Australia. Mabungwe amenewa amafuna umboni wolembedwa, monga makalata a mabwana otchula ntchito zimene unkagwira tsiku ndi tsiku, mapepala a malipiro, ndi zolembedwa za kubanki kapena za msonkho zosonyeza kuti unkalipidwadi. Canada nayonso imagawa ntchito m'magulu kuyambira 0 mpaka 5, ndipo imafuna kuti maphunziro a kunja ayambe aunikidwa ndi bungwe lovomerezeka asanawerengedwe.

Tsopano taganizirani mnyamata amene ndikunenayu. Wakhala pa ntchito yake zaka khumi ndi chimodzi. Ndinamuonapo akukonza ekiselo ya ngolo imene inathyokera pa njira ya ku Chiparamba, atagwada pafumbi, akugogoda chitsulo ndi nyundo n'kumvetsera kulira kwake kuti adziwe pamene pali mng'alu wobisika, ndipo mwini ngoloyo mpaka lero akuigwiritsa ntchito. Mafelemu a zitseko ndi mawindo a nyumba zambiri zatsopano ku Mchini ndi ku Magazine anatuluka m'manja mwake. Koma ntchitoyi anaiphunzira kwa mmisiri wachikulire amene anamwalira kale, ndalama amalandirira pamanja kapena pa foni, alibe kalata ya bwana, alibe nambala ya ku bungwe la penshoni la NAPSA, ndipo shopu yake sinalembetsedwe ku PACRA, bungwe lolembetsa mabizinesi. Kwa munthu wokhala mu ofesi ku Australia amene akuwerenga mafomu, zaka khumi ndi chimodzi zimenezi kulibe. Izi zimandipweteka mtima, chifukwa anyamata oterewa ndi ambiri m'chigawo chathu, omanga nyumba, akalipentala, amakanika ndi okonza zamagetsi, ndipo ndi iwowo amene akuba a pa WhatsApp amawakola mosavuta, popeza iwo amadziwa mumtima kuti luso ali nalo ndipo amaona kuti n'koyenera kuti dziko lina liwafune.

Agogo athu ankapita ku Walale ndi ku Joni ndi mphamvu zawo zokha. Ankatsika wapansi kuchokera ku Fort Jameson, yomwe lero ndi Chipata, atanyamula chitupa ndi kamba wapaulendo, ndipo ku mgodi kapena ku munda wa fodya ankangowayang'ana chifuwa ndi manja n'kuwalemba ntchito. Ena anabwerako ndi njinga ndi makina osokera, ena anasanduka matchona. Ndikukhulupirira kuti chithunzi chimenecho chidakali m'mitu yathu, chakuti ukangofika ntchito uipeza, ndipo n'chifukwa chake makolo amalolera kugulitsa ng'ombe kuti mwana angowoloka. Nthawi imeneyo inatha. Ngakhale South Africa, yomwe ili pafupi, chitupa chake cha maluso osowa chimafuna kuti ntchito yako ikhale pa mndandanda wawo, maphunziro ako aunikidwe ndi bungwe lawo la SAQA, komanso ulembetse ku bungwe la akatswiri a ntchitoyo.

Amene khomo limawatsegukira mosavutirapo ndi anamwino ndi madokotala, ndipo pamenepa mtima wanga umagawanika. Namwino wophunzira ku St Francis ku Katete, ku Mwami kapena kuno ku Chipata ali ndi zonse zimene wowotcherera uja alibe: sukulu yodziwika, nambala yake ku Nursing and Midwifery Council of Zambia, ndi mbiri ya ntchito yolembedwa. Komabe naye njira yake si yaifupi. Bungwe la anamwino la ku Britain limafuna kuti apambane mayeso a Chingelezi a IELTS kapena OET pa mlingo wapamwamba, alembe mayeso a pa kompyuta, ndipo akafika kumeneko akayezedwenso pamaso pa oyeza mmene amasamalirira wodwala. Aliyense wochokera ku Zambia wokakhala miyezi yoposa isanu ndi umodzi amayeneranso kuyezetsa chifuwa chachikulu ku chipatala chovomerezeka ku Lusaka, kutanthauza ulendo wa makilomita oposa 550 pa Great East Road, kuphatikizapo malo ogona ndi chakudya. Ndikunena mosabisa kuti ndimaona kupanda chilungamo pamene munthu amene anaphunzira m'Chingelezi kuyambira ku pulayimale mpaka ku koleji, amene amalemba malipoti a odwala m'Chingelezi tsiku lililonse, akulipiritsidwa ndalama zambiri kuti atsimikize kuti amachidziwa. Koma kudandaula kwanga sikusintha lamulo lawo, ndipo amene akufuna kupita ayenera kuliwerengera mu bajeti yake kuyambira pachiyambi.

Mu 2023 bungwe la World Health Organization linaika Zambia pa mndandanda wa mayiko 55 amene ali ndi antchito azaumoyo ochepa kwambiri, ndipo chifukwa cha zimenezi Britain salola mabungwe ake kubwera kudzakopa anamwino kuno, ngakhale kuti namwino payekha ndi womasuka kufunsira ntchito mwachindunji. Tanthauzo lake ndi lakuti munthu woyenda m'zipatala zathu n'kumanena kuti watumidwa kudzasonkhanitsa anamwino opita ku Britain ayenera kukayikiridwa pomwepo. Sindingaweruze namwino amene wasankha kupita, makamaka amene anamaliza maphunziro n'kukhala pakhomo zaka zingapo osalembedwa ntchito. Boma linalemba antchito azaumoyo oposa 11,000 mu 2022, komabe ambiri anatsala akudikira. Koma aliyense amene anagonekapo m'bale wake m'chipatala chakumudzi usiku, namwino mmodzi akuthamanga pakati pa mayi wobereka ndi mwana wa malungo, amadziwa mtengo umene timalipira mindandanda ya mayiko olemera ikamasankha ndendende anthu amene ife tikuwasowa kwambiri.

Chimene ndikufuna kuti tisinthe kuno kwathu ndi kalembedwe ka luso lathu, kaya munthu akufuna kupita kunja kapena ayi. TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ili ndi mayeso a trade test komanso njira yozindikira luso limene munthu anaphunzira pogwira ntchito, moti mmisiri amene sanakhalepo m'kalasi ya koleji akhoza kuyezedwa n'kulandira satifiketi, ndipo muno mumzinda tili ndi Chipata Trades Training Institute kumene munthu angayambire kufunsa. Amene ali ndi dipuloma kapena digiri apite nayo ku Zambia Qualifications Authority ikatsimikizidwe nthawi idakalipo, osadikira kuti ntchito ipezeke kaye n'kuyamba kuthamanga. Eni mashopu ndi magalaja, chonde apatseni anyamata anu makalata otchula tsiku limene anayamba ntchito ndi zimene amachita, alembetseni ku NAPSA, ndipo malipiro azikhala ndi kapepala, chifukwa kapepala kamene mukukaona kachabe lero ndi kamene kadzawerengedwe ngati zaka za moyo wa munthu. Sindikunama kuti satifiketi ya trade test payokha ingamufikitse munthu ku Perth kapena ku Toronto; pamafunikabe Chingelezi, ndalama ndi zaka za umboni. Koma popanda iyo palibe poyambira, ndipo mapepala omwewo ndi amene amafunsidwa kuno mmisiri akafuna ntchito yopanga madesiki kapena kumanga kalasi ya sukulu pa ndalama za CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'dera la phungu.

Ndikupemphanso atsogoleri a mipingo ndi mafumu athu kuti nkhaniyi aziilankhula poyera, chifukwa mabanja amene abedwa amakhala chete ndi manyazi, ndipo wakubayo amangosintha nambala ya foni n'kupita pa mudzi wotsatira. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma kuti munthu afunse pamafunika kuti adziwe choti afunse, ndipo ambiri mwa achinyamata athu sanauzidwepo kuti dzina la kampani lingathe kufufuzidwa kwaulere pa webusaiti ya boma la dziko limene akufuna kupitako.

Usiku umenewo ine ndi mphwanga tinakhala pakhonde n'kufufuza dzina la kampani ya m'kalata ija pa mndandanda wa Home Office, ndipo silinapezeke. Anakhala chete nthawi yaitali atagwira foni, kenako anaimbira mayi ake kuwauza kuti ng'ombe zisagulitsidwe. Sabata yathayi anapita kukafunsa za trade test, ndipo wagula buku lachikuto cholimba limene wayamba kulembamo ntchito iliyonse imene wagwira, tsiku lake, dzina la mwini ntchito ndi ndalama zimene walandira. Akuti maganizo opita kunja sanawataye, ndipo ine ndamulonjeza kuti ndalama za mayeso oyamba ndilipira ndine.