Chidulo cha amayi chakana kulowa m'mabokosi a pulogalamu

Mwana wanga wamkazi wa ku Lusaka anandiimbira foni tsiku lina madzulo, poto ali kale pamoto. "Amayi, therere lija amaphika ambuya, chidulo amathira chochuluka bwanji?" Ndinayasamula kukamwa, yankho osabwera. Therere ndaphika zaka makumi atatu, dzanja langa limadziwa, koma muyeso woti ndimuuze munthu pafoni ndinalibe. Ndinangoti, "Uzithira pang'onopang'ono, uziona." Iye nati, "Nanga ndiziona chiyani?"

Funso limenelo linandisowetsa tulo. Kope limene ndinkalembamo zophika linadyedwa ndi chiswe m'kabati, ndipo zithunzi zimene ndinkasunga zinapita pamodzi ndi foni imene inagwera m'ndowa ya madzi. Ndiye ndinati basi, ndipeze pulogalamu ya pakompyuta yosungiramo maphikidwe, zonse zikhale pamalo amodzi. Ndafufuza miyezi iwiri pa laputopu yanga yakale, ndipo ndikufuna ndikuuzeni zimene ndaona, makamaka inu azimayi anzanga a kuno ku Chipata amene mwakhala mukundifunsa.

Mapulogalamu alipo, ena opangidwa bwino ndithu. Paprika ndi yogula, imagwira pa kompyuta ndi pa foni. Mealie ndi Tandoor ndi zaulere, koma zimafuna munthu wodziwa kuziika pa seva, kompyuta imene makompyuta ena amalumikizana nayo, ntchito imene ambiri a ife sitingaithe tokha. Luso lawo lalikulu ndi ili: ukapeza kaphikidwe pa intaneti, pulogalamu imakakoka yokha, n'kusanja zofunika mbali ino, njira yophikira mbali inayo, n'kukulembera za kukagula. Kwa munthu wophika makeke ndi zabwino. Koma ine zimene ndikufuna kusunga sizili pa intaneti. Zili ku Katete, m'mutu mwa mayi wokalamba amene maso ayamba kuchita khungu.

Imodzi mwa imene ndinayesa, sinditchula dzina, inandipatsa mabokosi oti ndidzaze. Magalamu angati? Mphindi zingati? Uvuni utenthe madigiri angati? Ndinakhala ndikuyang'ana mabokosiwo ndili ndi chibwabwa chotendera m'maganizo. Nsinjiro ndi dzanja limodzi lodzaza, koma dzanja la yani? Nsawa za Chalimbana ndi nsawa zina zofiira sizikoleretsa mofanana. Moto wa pa mafuwa si wa pa mbaula, ndipo mbaula ya makala a mopani si ya makala ofewa. Ndinayamba kulemba manambala a m'mutu mwanga kuti bokosi lingodzaza, kenako ndinaleka. Ndinazindikira kuti ndikulembera zidzukulu zanga bodza.

Ndinakwera basi kupita kumudzi. Ndinapeza amayi ali pakhonde, ndipo nditawauza chimene ndadzera anatuma mdzukulu kukatenga zitsononkho ndi makoko a nsawa. Anaziwotcha mpaka zinasanduka phulusa loyera, analiika m'kachitini koboola kunsi atayalamo udzu, n'kuthira madzi pamwamba. Madzi anayamba kudontha m'kambale, ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Ine foni m'manja, ndikujambula mawu.

"Amayi, ndiye tithira masupuni angati?"

"Iwe mwana, chidulo sichiwerengedwa. Choyamba kudontha n'chaukali, chomaliza ndi madzi chabe. Gunditsa kunsonga ya lilime. Chikakuluma kwambiri uthire chochepa, ukapanda kutero ndiwo ziwawa ndipo zida."

Apo m'pamene ndinamvetsa. Mphamvu ya chidulo imatengera chimene wawotcha ndi madzi amene wathira, n'chifukwa chake palibe nambala imodzi yoona. Soda wa m'sitolo ndi wofanana tsiku lililonse, ungathe kumuyeza ndi kasupuni. Chidulo ayi. Chimene mwana wanga ankafunika si nambala, ndi mawu aja akuti gunditsa kunsonga ya lilime. Pulogalamu imene ilibe malo okwanira mawu otere, kaya ikongole bwanji, si ya khitchini yathu.

Pali nkhani inanso ya intaneti. Tonse tikukumbukira 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi akuzima pafupifupi tsiku lonse, netiweki nayo n'kumangodukaduka. Ngati maphikidwe ako ali pa kompyuta ya kampani kutsidya la nyanja, tsiku lotere uziphika chiyani? Ngakhale magetsi alipo, mabandulo ndi ndalama. Komanso mwini pulogalamu amasintha malamulo pamene wafunira. Kumapeto kwa 2023 Evernote, pulogalamu yosungiramo zolemba, inalengeza kuti ogwiritsa ntchito ulere azisunga zolemba zosapitirira 50. Ndi ufulu wawo, nyumba ndi yawo. Koma akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Ndiye maganizo anga ndi awa: musataye nthawi kusakasaka pulogalamu yapadera ya maphikidwe. Tsegulani foda pa kompyuta yanu, muitche Maphikidwe, ndipo chakudya chilichonse chikhale ndi fayilo yakeyake. Ine ndimalembera mu LibreOffice Writer. Ndi yaulere, yakhalapo kuyambira 2011, sifuna intaneti ukangoiika, ndipo laputopu yanga yakale imainyamula bwinobwino. Amene ali ndi Word alembere momwemo. Ngakhale Notepad imene imabwera ndi Windows ikukwana, ndipo fayilo ya mawu okhaokha imatseguka pa kompyuta ina iliyonse. Chimodzi chokha: zimitsani kaye chokonza masipelo. Mukapanda kutero tsamba lonse lidzala mizere yofiira, ndipo nthawi zina mawu athu amasinthidwa mwakachetechete kukhala a Chingerezi.

Kasanjidwe kakenso ndasankha kathu. Mapulogalamu aja amagawa zakudya monga amadyera azungu, choyambira, chachikulu, chotsekemera chomalizira. Ife timadya motsata nyengo. Ndili ndi foda ya za dzinja, mmene muli bowa, bonongwe, chibwabwa chanthete. Ya masika, mmene muli maungu, futali, chimanga chachiwisi ndi zigumu zake. Ya chilimwe, mmene muli mfutso. Pa mfutso ndachedwapo kwambiri, chifukwa ana athu ambiri saudziwanso: kufutsa khwanya pang'ono chabe, kuyanika pamphasa mpaka aume gwa, kumanga m'chikwatu cha masamba a msuku n'kupachika kudenga la khitchini kumene utsi umathamangitsa tizilombo. Ndinajambula chikwatu cha amayi mbali zonse. Foda yachinayi ndi ya mapoto akuluakulu, ya pa maliro ndi pa ukwati, pamene muyeso wake ndi mameda ndi ndowa. Mtsikana akakwatiwa n'kuuzidwa kuti aphikire anthu zana limodzi, akatsegule pamenepo.

Mayina ndiye samalani nawo. Ife okhala m'malire timatchula chinthu chimodzi pawiri patatu. Chimene kuno timati chibwabwa, ukangodutsa pa Mwami kulowa ku Mchinji ndi nkhwani. Nsawa ndi mtedza. Kholowa mwana wa ku Lusaka amamudziwa kuti kalembula, chigwada amati katapa, bonongwe amati bondwe. Therere ena amalemba thelele, ena delele. Kompyuta sidziwa kuti zonsezi ndi chinthu chimodzi, imangofufuza zilembo zimene wailembera. Choncho pamzere woyamba wa fayilo ndimalemba mayina onse amene ndikuwadziwa. Ndilinso ndi tsamba limodzi mu Calc, pulogalamu ya matebulo ya LibreOffice, lokhala ngati kalozera: dzina, mayina ena, nyengo, amene anandiphunzitsa, mudzi wawo. Ndikadina Ctrl ndi F n'kulemba "nsinjiro", ndimapeza zotendera zonse nthawi yomweyo. Danga la amene anandiphunzitsa sindilisiya lopanda kanthu. Chinaka cha apongozi anga si cha amayi anga, ndipo aliyense ayenera kutchulidwa pa chake.

Sindikunena kuti muyeso ndi woipa, ayi. Mlongo wanga wamng'ono amakazinga zitumbuwa zogulitsa ku msika wa Kapata, ndipo kwa iye kapu iliyonse ya ufa ndi mafuta ndi ndalama. Ndinamupangira tsamba lowerengera, tsopano amadziwa phindu lake asanayatse moto. Inenso amayi akatapa nsinjiro ndimawapempha akhuthulire kaye m'kapu ndione pamene zalekezera, ndipo ndimalemba zonse ziwiri: dzanja limodzi la amayi, pafupifupi theka la kapu ya tiyi. Nambala ibwere pambuyo, yothandizira. Mawu awo akhale patsogolo, monga anawanenera, m'Chichewa chawo. Ndipo pambali pa fayilo iliyonse ndimaika mawu aja ndinajambula pa foni, dzina lofanana, kuti wowerenga akasokonezeka amve okha akufotokoza, nkhuku zikulira kumbuyo.

Wina anandiuza kuti ndikudzivutitsa, zonse zili pa Facebook ndi YouTube. Inde, magulu a zophika ndimawakonda, ndaphunziramo zambiri. Koma chimene walemba lero, pakatha mwezi chakwiririka pansi pa zina mazanamazana, ndipo tsiku limene gululo latsekedwa palibe amene adzakubwezere. Tumizani kumeneko kuti anzanu aone, koma nkhokwe ikhale pakhomo panu. Ine kutha kwa mwezi uliwonse ndimakopera foda yonse pa flashi imene sipita ku makompyuta a anthu ena, chifukwa cha mavairasi. Ndikapeza intaneti yabwino ndimaikanso pa Google Drive, kumene amapereka 15 GB yaulere. Masamba makumi awiri oyamba ndinawasindikiza, ndinawaika m'pulasitiki, ali kumudzi m'sutikesi ya amayi. Sangathe kuwawerenga, koma mdzukulu amawawerengera, ndipo andikonza kale pawiri. Pa futali ndinalemba kuti nsinjiro zimalowa mbatata isanafewe. Anatumiza uthenga kuti ndifufute msanga.

Fayilo ya thobwa idakali ndi mutu wokha. Amene amalidziwa bwino pa banja pathu ndi azakhali a ku Chadiza, amene amaumba okha chimera cha mawere, ndipo makutu awo ayamba kuvuta moti pafoni sitimvana. Loweruka likubwerali ndikupita konko, foni ndaitchaja kale.