Khola la malata si kosungira kagalu

Chimene chimandinyansa ndi ichi: munthu wangomanga tizipinda tiwiri ta malata kuseri kwa nyumba ku Matundo, dera la mumzinda wa Tete, basi wayamba kudzitcha wosunga agalu a anthu apaulendo. Akakutchulirani mametikali ake, mungaganize kuti galuyo azikagona pa matilesi.

Malata, mu Tete muno? Mwezi wa Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo galu satuluka thukuta thupi lonse, amadziziziritsa makamaka ndi wefuwefu. Kagalu ka miyezi inayi mwakatsekera mmenemo masana, madzi anali m'kambale kamodzi kamene kagubuduza kale m'mawa, mukuyembekezera chiyani?

Koma chondipsetsa mtima kwambiri n'chakuti safunsa n'komwe khadi la katemera. Mukayambitsa nkhaniyo ndinu, akuti, "Aaa bambo, agalu onse pano ndi athanzi." Mwawaona bwanji kuti ndi athanzi? Matenda a parvo amafala kudzera m'chimbudzi cha galu wodwala, ndipo kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri. Kagalu kosamaliza katemera kakangonunkhiza pamenepo, pakapita masiku ochepa kayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba mwa magazi. Za chiwewe ndiye tisanene. Amene sanafunse khadi la galu wanga ndiye kuti la enawo sanalionenso.

Ndiye mukati ndione kumene kazigona, akukuimitsani pageti, ati agalu angasokose. Nanga nkhupakupa zili m'ming'alu ya khomazo tiziona bwanji tili pageti?

Ulendo wa ku Ulongué uno kagalu kanga ndikasiya kwa alamu anga, pamodzi ndi thumba la chakudya chimene kanazolowera.