Nassar ali m'ndende, nanga amene anatseka makutu aja?

Mwana wanga wamkazi amasewera mpira wamanja, ndipo Loweruka lililonse ndimamuperekeza kukakwera minibasi ya timu. Akangokwera, amakhala m'manja mwa anthu ena tsiku lonse. N'chifukwa chake nkhani ya Larry Nassar sinditha kuiiwala.

Nassar anali dokotala wa timu ya gymnastics (masewera odumpha ndi kupinda thupi) ya dziko la America komanso wa yunivesite ya Michigan State. Ankachita zachipongwe atsikana ponamizira kuti akuwapatsa chithandizo cha msana ndi chiuno. Nthawi zina mayi wa mwanayo amakhala m'chipinda momwemo, atakhala pampando, iye n'kuima mowatchinga kuti asaone. Mu Januwale 2018 m'khoti la mumzinda wa Lansing ku Michigan, jaji Rosemarie Aquilina analola aliyense wochitidwa nkhanza kuti alankhule, ndipo atsikana ndi amayi 156 anaimirira mmodzimmodzi kwa masiku 7. Anamulamula kukhala m'ndende zaka 40 mpaka 175.

Chilango chimenecho chinamuyenera. Koma taonani zaka. Larissa Boyce, mmodzi mwa atsikanawo, anauza mphunzitsi wake kale mu 1997, ali ndi zaka 16, n'kuuzidwa kuti sanamvetse zimene dokotalayo ankachita. Bungwe lofufuza milandu ku America la FBI linalandira madandaulo mu Julayi 2015 n'kukhalira nkhaniyo kupitirira chaka, uku atsikana ena akulowabe m'chipinda chija. Munthu mmodzi sangachite zoterezi zaka pafupifupi 20 popanda akuluakulu omutchinjiriza, odziwa ndi osafuna kudziwa. Simone Biles, katswiri wa gymnastics amenenso anachitidwa nkhanza ndi Nassar, ananenanso zomwezi pamaso pa aphungu a nyumba ya malamulo ya Senate mu 2021: olakwa ndi Nassar komanso dongosolo lonse limene linamulola.

Apa ndi pamene ndikugwirizana ndi chilungamo chimene ena amachitcha transformative justice. Chimafunsa wochitidwa nkhanzayo kuti akufuna chiyani kuti achire, kenako n'kufufuza chimene chinapatsa wankhanza mpata, kuti mpatawo utsekedwe. M'masewera mpata waukulu ndi mphamvu. Mphunzitsi ndiye amasankha wosewera ndi wokhala pa benchi, wopita kunja ndi wotsala. Mwana amene banja lonse likuyembekezera kuti mpira umupezera sukulu, angayerekeze bwanji kutsegula pakamwa?

Ndichenjeze pang'ono, chifukwa kwathu kuno mawu akuti "tikambirane ngati banja" tawamva kambiri. Akuluakulu amakhala pansi, chindapusa n'kuperekedwa, mwana n'kuuzidwa kuti asachititse manyazi timu, wolakwa uja n'kusamukira ku timu ina. Zimenezo ndi kubisa mlandu, ndipo ine ndikuzikana kwamtuwagalu. Wogwirira mwana apite ku polisi. Chimene ndikunena n'chakuti ntchito isathere pa chipata cha ndende.

Ku America zina zinasintha chifukwa amayi aja sanasiye kulankhula. Akuluakulu onse a komiti ya USA Gymnastics, bungwe loyendetsa masewerawa m'dzikolo, anatula pansi maudindo mu 2018. Bungweli linasiya kugwiritsa ntchito Karolyi Ranch ku Texas, malo akutali ochitirako masewera okonzekera kumene makolo sankaloledwa kufika. Pa mgwirizano wa 2021 wolipira ochitidwa nkhanza ndalama zokwana madola 380 miliyoni, anavomerezanso kuti wina mwa ochitidwa nkhanza akhale m'komiti yoyendetsa bungwelo. Kwa ine mpando umenewo ukuposa ndalamazo, pakuti amene anadutsamo amadziwa chitseko chimene chinkatsekedwa ndi ola limene chinkatsekedwa.

Pa msonkhano wa makolo ukubwerawu ndikapempha kuti wamkulu aliyense, kaya mphunzitsi kaya wothira mankhwala pa bondo, asakhale yekha ndi mwana m'chipinda. Ndikapemphanso kuti mayi mmodzi azipita nawo pa ulendo uliwonse wokagona, ndipo ana asankhe okha munthu wokamuuza zikavuta, wosakhala mnzake wa mphunzitsi. Ena akanena kuti ndikunyoza aphunzitsi athu odzipereka, ndikawayankha kuti mphunzitsi wa mtima wabwino sangadandaule ndi chitseko chotsegula.