Zodzitukulazi zili ndi mtengo wake, tisanamizane

Masiku ano aliyense mu Blantyre muno akuti akudzitukula. 5 koloko m'mawa mu Chipembere Highway muli kale othamanga, Loweruka ena akukwera phiri la Soche, ena akaweruka ku Limbe akukwera minibasi kuthamangira makalasi ku MUBAS, pofika ku Machinjiri ana agona kale. Ndi zabwino ndithu sindikutsutsa. Koma aphunzitsi a pa TikTok aja sakuuzani kuti tsiku likadali la maola 24 omwewo, ukalowetsa chinthu chatsopano ndiye kuti china chatuluka, ndipo kawirikawiri amatuluka ndi anthu ako.

Mowa siyani, odandaula ndi okhawo munkawagulira aja. Ma bridal shower ndi perekaniperekani wa Loweruka lililonse chepetsani, ndalamayo mukaponye ku banki m'khonde, palibe angafe nazo.

Koma zoti dulani aliyense amene sakukupindulitsani, ine ndiye ayi. Amene amalankhula zimenezo ali kumaiko koti ukadwala inshuwalansi imalipira zonse. Kuno ukagonekedwa ku Queens, amene amadzakhala gadiyani wako, kugona pa chitenje, kukuphikira phala, kukuchapira, ndi azakhali omwe aja unkawadulira foni poti uli pa asainimenti. Maliro akagwa ku Ndirande kapena ku Bangwe anthu amaona amene wagona pasiwa ndi amene wangotumiza chipepeso pa Airtel Money, sakuuza pamaso koma amasunga, mawa ukumva akuti uja wayamba kudzimva chiyambireni sukulu. Mwina nkaduka inde, koma nthawi zinanso amakhala akunena zoona, munthu wasinthadi mpaka moni akupereka ngati akulipiritsa.

Ine ndimaona kuti vuto ndi kufuna zonse mwezi umodzi, digiri, jimu, geni ya kaunjika, kusala nsima, pamalipiro omwewo osakwera. Pofika Malichi munthu watheratu, akukalipira ana popanda chifukwa, nsapato zothamangira zili kunsi kwa bedi. Ngati chaka chino ndi cha sukulu, jimu idikire, kuyenda wapansi kuchoka pa Ginnery Corner kukafika m'tauni nkokwanira. Lamulungu masana lokha musaligulitse, likhale la kunyumba ndi kukaona odwala.

Za nsimazo ndiye samalaninso, mukakana mtanda kwa apongozi nkhani yake simuimaliza chaka chino, ndipo mukachepa thupi msanga ayamba kukufunsani ngati muli bwinobwino.